Kugwirizana ndi mdani wakale si kugulitsa dziko

Zaka zonsezi ndakhala ndikumva m'maminibasi a ku Limbe zoti dziko likayamba kugwirizana ndi dziko lamphamvu lomwe linali mdani wake ndiye kuti lagulitsidwa basi. Abale, si zoona zimenezi. South Africa ya tsankho inkaponya mabomba ku Mozambique ndi ku Zambia, koma chithereni tsankho mu 1994 maikowa amachita nayo malonda ndipo lililonse likudzilamulirabe lokha. Vietnam nayo inamanga ubale ndi America mu 1995 chonsecho anamenyana koopsa. Zoti wamphamvu amatha kupondereza n'zoona, nde chofunika n'kuona zomwe zalembedwa m'panganolo, ngongole zake, akupindula ndani. Mukalandira zoterezi pa WhatsApp funsani chaka ndi dzina la panganolo, fufuzani m'mabuku a mbiri kapena nyuzi zodalirika, zikapanda kupezeka chonde musatumizire ena.