Chenjezo likamveka, bwanji anthu sathawa?

Namondwe wa Freddy asanafike mu Malichi 2023, a zanyengo anali atachenjeza kale, ndipo uthenga unamveka pawailesi ndi pa WhatsApp. Koma matope ndi miyala zitakokoloka m'phiri la Soche, zinapeza mabanja ambiri a ku Chilobwe ali m'nyumba zawo. Ena amati ndi kusamva. Ife amene timakonza mauthenga a ngozi zogwa mwadzidzidzi sitigwirizana nazo zimenezo.

Munthu akamva chenjezo sanyamuka pomwepo, amayamba watsimikiza kaye. Amasuzumira panja, amaimbira foni mlamu wake, amayang'ana kwa aneba. Akaona mayi wa pakhomo lina akupitiriza kuphika nsima, naye amakhala pansi. Ndi mmene tilili tonse, ophunzira ndi osaphunzira omwe.

Ndiye pali mawu amene timasankha. Ukanena kuti "madzi asefukira", wa ku Nsanje ndi ku Chikwawa amadziwa kuti ndi zake, poti Shire amamudziwa. Wokhala m'mbali mwa phiri amamva ngati nkhani ya eni ake a kuchigwa. Ukawonjezera kuti "thawirani kumtunda", wamutsimikizira kuti pamene alipo ndi pabwino kale. Chonsecho mawu oyenera tili nawo: napolo. Akuluakulu a ku Phalombe sanaiwale za 1991, ndipo ku Zomba amasimbabe za 1946. Mawu amodziwo amanena zambiri kuposa mamilimita a mvula, amene kunena zoona ngakhale ena mwa ife timachita kufunsa tanthauzo lake.

Kuopseza kokha sikusuntha munthu. Amafuna kudziwa kuti apite kusukulu iti, adzere njira iti, nthawi yanji, nanga mbuzi ndi matumba a chimanga azisiyira ndani. Ambiri amene amakana kusamuka sakana kuti ngozi ilipo, amaopa kukapeza nyumba atayeretsa akuba. Uthenga wosayankha funso limeneli umathera m'malere.

Wonena nayenso ndi nkhani. Chikalata cha ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chimayambitsa ntchito, koma chimene chimatulutsa banja m'nyumba usiku mvula ikukhuthuka ndi nyakwawa, abusa kapena shehe akagogoda pachitseko n'kunena kuti, "Bambo, dzukani, anzanu ali kale kutchalitchi, katundu achinyamata alondera."