Ayi, Terminator 2 Sinali ya Pakompyuta Yokhayokha

Ndatopa nayo nkhani iyi. Zaka zonsezi, akangotchula filimu ya Terminator 2 ya mu 1991, wina amati zodabwitsa zonse mmenemo anazipanga ndi kompyuta. Si choncho.

Zoona, loboti yosungunuka ngati mtovu ija, T-1000, kompyuta inagwirapo ntchito. Koma zithunzi zapakompyuta zonse mukaziphatikiza zimangokwana mphindi pafupifupi 5, mu filimu yopitirira maola awiri. Zambiri zinali zidole, zodzola kumaso ndi tinyumba tating'ono tomwe anatiphulitsa ngati mzinda wa Los Angeles.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha mapasa. Pamene mlonda wa kuchipatala akumana ndi mnzake wofanana naye ndendende, panalibe matsenga a makina: awo ndi mapasa enieni. Chimodzimodzinso kufakitale ya zitsulo kumapeto, pomwe Sarah Connor, mayi amene loboti ija ikusaka mwana wake, akuoneka pawiri, winayo ndi m'bale wake wamapasa wa mayi amene anasewera mbaliyo. Ngakhale helikopita yodutsa kunsi kwa mlatho, woyendetsa anaidutsitsadi pamenepo.

Mukhoza kutsimikiza nokha. Filimu ikatha musathamangire kuzimitsa, werengani mayina oyenda aja, mupeza mlonda walembedwa kawiri, mayina awiri a banja limodzi. Palinso mavidiyo osonyeza mmene anajambulira, zidolezo zikuoneka poyera.

Tsono wina akakutumizirani za "zinsinsi za filimu" pa WhatsApp, yambani mwafunsa komwe wazitenga musanazitumize ku gulu lina.