Fumbi la m'masiteshoni a sitima ku London ndi mapapo anu

Ngati mumakwera sitima za pansi pa nthaka ku London, mwina munaonapo kuti mukamina madzulo, mamina amatuluka akuda. Limenelo ndi fumbi la m'njanji.

Ambiri amaganiza kuti poti sitimazi zimayendera magetsi, ndiye kuti mpweya wake ndi wabwino. Si choncho ayi. Matayala achitsulo akamakhuzana ndi njanji, mabuleki akamagwira, tizitsulo timanyenyeka n'kusanduka fumbi. Kamphepo kofunda kamene kamakuwombani kumaso sitima isanatulukire n'komwe, ndi komwe kamautsa fumbilo n'kulibweretsa pamene mwaima. Pansipo mulibe mawindo, choncho limangozungulira momwemo.

Todetsa nkhawa kwambiri ndi tinthu timene akatswiri amatitcha PM2.5. N'tating'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi maulendo oposa 20, moti timadutsa mphuno ndi kukhosi mpaka kukakhazikika mkatikati mwa mapapo. Lipoti la 2019 la COMEAP, komiti yolangiza boma la Britain pa za mpweya, linasonyeza kuti pa siteshoni ya Hampstead, imene ili mamita 58 pansi, fumbili linali lochuluka pafupifupi maulendo 30 kuposa m'mbali mwa msewu wodzaza galimoto. Njanji zozama ngati Northern ndi Victoria ndi zomwe zili ndi fumbi lambiri.

Kumtunda, kumene kumaima sitima za dizilo, vuto ndi utsi. Mu 2012 bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linatsimikiza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Amene tikuwadera nkhawa kwambiri ndi odwala mphumu, a matenda a mtima, ana, amayi oyembekezera, komanso abale athu osesa ndi kugwira ntchito pansipo usiku wonse.

Ngati pali njira ina, sankhani sitima za kumtunda kapena njanji ya Elizabeth, imene masiteshoni ake ambiri a pansi ali ndi zitseko zotchinga pakati pa anthu ndi njanji. Valani masiki ya FFP2, mtundu wosefa tinthu tating'ono kwambiri, yogwira bwino pamphuno. Yansalu imalowetsa fumbi lotere. Musaime pafupi ndi injini ya dizilo imene ikulira. A mphumu, mankhwala anu opopera akhale m'thumba, osati pansi pa chikwama.

Chifuwa chikapitirira milungu 3, kapena mukamabanika, pitani kwa dokotala ndipo mumuuze maola amene mumakhala m'siteshoni tsiku lililonse.