Thanga kapena phiko: kumene ngozi imabisala pa windsurfing ndi wing foiling

Ophunzira atsopano tikaima nawo pagombe amakonda kundifunsa kuti, pakati pa windsurfing (masewera a thanga) ndi wing foiling (masewera a phiko), masewera amene savulaza kwambiri ndi ati. Ambiri amafunsa ali kale ndi yankho mumtima, chifukwa amaona wa phiko akuuluka mwakachetechete pamwamba pa madzi mphepo ili yayaziyazi, pamene wa thanga amamuona tsiku la chimphepo akulimbana ndi mafunde, ndiye amaganiza kuti phiko ndi masewera ofatsa. Ine ndaphunzitsa masewera onse awiri, ndipo maganizo amenewa amandidetsa nkhawa, popeza kuchepa kwa mphepo sikuchepetsa liwiro la munthu amene wakwera pa foil, chida cha pansi pa thabwa chimene chimalinyamula pamwamba pa madzi.

Pa windsurfing munthu amaima pathabwa loyandama limene lili ndi mlongoti ndi thanga, ndipo mlongotiwo umalumikizidwa kuthabwa ndi mfundo yotha kupendekera mbali iliyonse. Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer a ku California ndi amene anatchukitsa kapangidwe kameneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo masewerawa analowa mu Olimpiki mu 1984 ku Los Angeles. Wing foiling ndi yatsopano, inayamba kufala cha m'ma 2019. Phiko lake ndi lopopa mpweya, limagwiridwa m'manja osalumikizidwa kuthabwa, ndipo pansi pa thabwa pamakhala mtengo wa aluminiyamu kapena kaboni wotalika masentimita 70 mpaka 90, umene kunsonga kwake kuli timapiko tolimba toyenda m'madzi. Chida chonsechi ndicho chimatchedwa foil. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi maulendo 800, choncho timapiko tating'ono timeneti timakwanitsa kunyamula munthu ndi thabwa lake m'mwamba liwiro likangokwera pang'ono.

Kusiyana kwa mphepo imene aliyense amafuna kumachokera pomwepa. Amalinyero amayeza mphepo ndi ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Thabwa la windsurfing lopanda foil limayenda likukhuza madzi, motero kuti lisiye kulima madzi n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pake pamafunika mphepo ya ma knot pafupifupi 12 mpaka 15, ndiponso thanga lalikulu ndithu. Wa phiko amene ali ndi luso amanyamuka pa ma knot 10 kapena kucheperapo, ndipo akangonyamuka madzi samugwiranso, moti amatha kuthamanga kuposa mphepo imene ikumukankha. Tsiku limene anthu a thanga akhala pansi pamchenga akudandaula kuti kulibe mphepo, mnzawo wa phiko amakhala akudutsa pa liwiro la njinga yopalasa imene ikutsika mtunda, ali pafupifupi theka la mita pamwamba pa madzi.

Kuvulala kwa windsurfing kumabwera chifukwa chakuti munthu amakhala womangiririka ku zida zake. Mapazi amalowa m'timalamba ta pathabwa, ndipo m'chiuno amavala lamba wa ngowe amene amakoleka ku zingwe za chogwirira thanga kuti mikono ipume. Mphepo ikawomba mwadzidzidzi, thanga limagwera kutsogolo n'kumukoka ndi ngowe ija, ndipo amaponyedwa ngati mwala wa palegeni, n'kukamenyetsa nthiti kapena nkhope pa mlongoti. Tiyenera kukumbukira kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri mphamvu yake pathanga imawirikiza kanayi, ndiye kuchoka pa ma knot 15 kufika pa 21 kumatanthauza kuti katundu amene ali m'manja wawirikiza pafupifupi kawiri m'kanthawi kochepa. Chimene ndimachiopa kwambiri ndi phazi lotsalira m'kalamba thupi likugwera kumbali. Ndinaonapo wophunzira akutuluka m'madzi akuseka, akunena kuti wangobinya akakolo, koma pofika madzulo pamwamba pa phazi panali patatupa ngati chitumbuwa ndipo kupondako kunali kofiirira. Zizindikiro zotere zimaloza ku mfundo za pakati pa phazi zimene madokotala amazitchula ndi dzina la Lisfranc, ndipo zikanyalanyazidwa munthu amatsimphina kwa nthawi yaitali. Oyamba kumene amadandaula kwambiri msana, chifukwa chodzutsa thanga lodzaza madzi atawerama m'malo mopinda mawondo.

Pa phiko zambiri mwa zimenezi kulibe. Phiko ndi lopepuka komanso lofewa, ophunzira sagwiritsa ntchito ngowe kapena timalamba ta mapazi, ndipo mphepo ikakula munthu amangotaya dzanja lakumbuyo, phiko n'kusiya kukoka. Pamenepa ndimavomereza kuti msana ndi akakolo zimapumula. Koma chimene chili pansi pa thabwa ndi cholimba, chosongoka kunsonga ndiponso chakuthwa chakumbuyo kwake. Thabwa likapendekera kumbali munthu n'kuyesa kudziwongola mochedwa, thupi limapindikira mbali imodzi pamene foil ikutulukira mbali yomweyo, ndipo zimakumana. Mabala ambiri amene ndamangapo pagombe ndi a pamsongolo ndi pamapazi, ndipo ena sanachitike pa liwiro n'komwe, koma munthu akusambira pambali pa thabwa n'kumenya kaphiko ndi mwendo ataiwala kuti pansi pali mpeni. Chingwe chomangirira thabwa kuthupi chimatamuka pogwa, kenako chimabweza thabwa lonse kwa mwini wake, n'chifukwa chake ndimaphunzitsa kuti potumphuka m'madzi manja azitsogola ataphimba mutu. Mapewa nawonso amavutika, popeza mikono imakhala m'mwamba nthawi yaitali, ndipo chingwe cha padzanja chimatha kukoka phewa mwamphamvu phiko likauluzika.

Foil imadananso ndi madzi osaya. Pa dziwe la Langebaan ku South Africa, kumene mphepo ya kumwera imakoka anthu ambiri kuyambira mu Novembala mpaka cha mu Malichi, madzi akaphwa milu ya mchenga imayandikira pamwamba. Wa thanga amadutsa pamalo amene wa phiko akagunda amaima nthawi yomweyo, thupi lokha n'kupitirira kutsogolo. Ukonde, chingwe cha nangula kapena udzu wa m'madzi zimachita chimodzimodzi.

Komabe ngozi imene imatha kutenga moyo pa masewera onse awiri imachokera ku mbali imene mphepo ikulowera. Aliyense amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi amadziwa kuti asodzi saseweretsa mwera, ndipo amayang'ana kumene ukukankhira bwato asanayang'ane kukula kwa mafunde. Mphepo yochokera kumtunda kupita pakati pa nyanja ndi yonyenga, chifukwa pafupi ndi gombe madzi amakhala bata, mitengo ndi nyumba zitaitchinga, koma imakula munthu akamatalikira. Ku Tarifa m'dziko la Spain, mphepo ya kum'mawa yotchedwa Levante imakankhira anthu kutali ndi gombe, ndipo n'chifukwa chake kumeneko kumakhala maboti opulumutsa anthu. Zikatere wa thanga ali ndi mwayi umodzi, woti thanga likagwera m'madzi limagwira thabwa ngati nangula. Phiko silimira, limangouluzika pamwamba pa madzi, ndipo chingwe chikaduka palibe amene angalipeze posambira.

Kutha kwa mphepo nakonso kumapweteka wa phiko kwambiri, makamaka amene wasamukira pa kathabwa kakang'ono komira akaimapo. Pa nyanja ya Garda ku Italy mphepo ya kumpoto yotchedwa Pelèr imawomba m'mawa, n'kuzima chakumasana, ya kumwera yotchedwa Ora isanayambe, ndipo amene wachedwa kubwerera amatsala pakati akupalasa ndi manja, phiko likukokeka kumbuyo. M'madzi ozizira ngati a ku Cape Town kudikira kotereku kumamaliza mphamvu msanga.

Chifukwa cha zonsezi, wophunzira wanga wa phiko salowa m'madzi popanda chipewa cholimba ndi chovala chotchinjiriza nthiti, ngakhale mphepo ikhale ya ma knot 10 okha, ndipo amayambira pa foil ya mtengo waufupi, kutali ndi osambira. Wa thanga ndimamuchepetsera thanga mphepo ikamabwera modukizadukiza, ndipo ndisanamulole kukoleka ngowe ndimagwada pamchenga n'kumasula timalamba ta mapazi mpaka phazi lizilowa ndi kutuluka popanda kukakamira.