Mdima wa nyimbo suchokera pa batani la reverb

Mwezi uno wokha magulu atatu a anyamata afika ku situdiyo kwanga ndi pempho lomwelomwelo: "Achimwene, tithirireni reverb yambiri, zimveke ngati The Cure." Reverb ndi kamvekedwe kochititsa mawu kukhala ngati akulira m'holo yaikulu, ndipo The Cure ndi gulu loimba la ku England. Ndatopa nalo pempholi. Mukuganiza kuti kulemera kwa chimbale chawo cha Disintegration ndi batani longopotokola?

Chimbalechi chinatuluka mu Meyi 1989 ku Fiction Records. Anachijambulira ku Hook End Manor, nyumba yakale ya kumudzi ku Oxfordshire, ku England, ndipo Robert Smith, woimba wamkulu wa gululi, yemwe nthawiyo ankayandikira zaka 30, anachikonza limodzi ndi pulodyusa David M. Allen. Reverb ilimo, sindikukana. Koma tavalani mahedifoni abwino mumvetsere. Besi ya Simon Gallup imamveka waya ndi waya, ndipo nthawi zambiri ndiyo imasenza nyimbo yonse. Kamvekedwe kena komwe mumati ndi gitala ndi Fender Bass VI, chida cha mawaya 6 cholira pansi kuposa gitala wamba, chomwe Smith ankaimba pamwamba pa besiyo. Ng'oma za Boris Williams zimagunda poyera, sizimira. Nyimbo zina zimadutsa mphindi ziwiri woimba asanatsegule pakamwa, ndipo chimbale chonse chimapitirira mphindi 70, mpaka pa vinyl (mbale yakuda ya galamafoni) yoyamba anachotsapo nyimbo ziwiri kuti zikwane. Anthuwa anakhala pansi n'kupatsa chida chilichonse malo ake. Reverb inangowonjezera pa zinthu zokonzedwa bwino.

Pali mnyamata wina amene amandisowetsabe mtendere. Mawu akuya, nyimbo zolemba yekha, zabwino ndithu. Anajambulitsa nyimbo 8 kwa munthu wina wa laputopu m'chipinda chogona, wodzitcha pulodyusa. Iyeyo anathira reverb pa mawu pojambula pomwepo, kenaka n'kuphatikiza zonse, nyimbo iliyonse kukhala mp3 imodzi. Mnyamatayo anakhala nazo pafupifupi chaka, anzake akumuuza kuti zili bho. Pomwe ankafika kwa ine, laputopu ija inali itagulitsidwa, mafayilo onse atafufutidwa.

Ndinachezera nazo masiku awiri. Reverb ikalowa m'mawu ili ngati mchere m'ndiwo, sungautolemo. Zilembo zinkasungunuka, "s" aliyense akukoka mchira, besi ndi ng'oma yaikulu zili phala limodzi. Ndinamuuza kuti tijambulenso, koma ndalama zinali zitatha, woimba besi atapita ku Johannesburg kukasaka ganyu. Nyimbo yachitatu mwa nyimbozo ndimaiimbabe ndikamatseka situdiyo, ndipo palibe wina adzaimve.

Ndiye tamverani. Tsiku lomwelo mwajambula, tengani mafayilo a WAV (osafinyidwa ngati mp3), chida chilichonse pachokha, chosathira kanthu, muike pa flash yanu. Osati mawa, osati "tikamaliza kulipira zonse". Pulodyusa akayamba zoti ndi chinsinsi cha ntchito, nyamulani gitala muzipita. Wina akakulonjezani kuti ali ndi pulogalamu yochotsa reverb pa mp3, dziwani kuti mapulogalamu ochepetsa alipodi, koma amasiya woimba akumveka ngati ali pansi pa madzi, ndipo ndalama yanu yapita. Mukamva kuti china chake sichili bwino pa mix (kusakaniza zida zonse kukhala nyimbo imodzi) yoyamba, pitani nayo kwa munthu wina sabata yomweyo mafayilo adakalipo.

Chenjeraninso ndi a mastering (omalizitsa kamvekedwe ka nyimbo isanatuluke) amene amakweza nyimbo mpaka mamita onse oyezera mawu kufiira, ati kuti igunde mu minibasi. Nyimbo za mtundu uwu zikafinyidwa choncho, pofunika kutsika sipatsika, pofunika kuphulika sipaphulika. Pachikuto cha Disintegration analembapo kuti nyimbozo anazikonza kuti zizimvedwa mokweza. Ankauza womvera kuti akweze wailesi yake, sankauza munthu wa mastering.