Droni ikamanjenjemera, musathamangire ku PID

Anyamata opanga droni zawo akafika kwa ine pempho limakhala limodzi: "Achimwene, tikonzereni manambala a PID." Manambalawo, amene amauza pulogalamu mmene iziwongolera droni ikapendekeka, nthawi zambiri alibe mlandu. Droni ikamadzandira ngati chidakwa, yambani mwaona mmene mwamangira gyro, kachipangizo komva kupendekeka kwa droni, ndi magetsi amene mukuipatsa.

Gyro ya MPU6050 imene pafupifupi nonse mumagula imamva kugwedezeka kulikonse. Mukaimanga mothina ndi masikuluwu pa fulemu, kunjenjemera kwa mamota anayi kumalowa momwemo. Imauza Arduino, kakompyuta koyendetsa droni, kuti droni yapendekeka pomwe ili bwinobwino, pulogalamu n'kumalimbana ndi vuto loti kulibe, mamota n'kumatentha. Khazikani bolodi pa timalabala tofewa, ndipo pulopela yobenthuka itayeni. Poyatsa, droni ikhale pansi osagwedezeka, chifukwa masekondi oyambawo ndi pamene gyro imapeza ziro wake. Mukayatsira m'manja, iziulukira mbali imodzi.

Magetsi nawonso. Ma ESC, timabolodi tolamulira liwiro la mamota, amadetsa magetsi a batire, choncho wotchererani capacitor ya 1000 µF, yosalaza magetsiwo, pomwe batire imalowera, ndipo bolodi ilandire 5V yake kuchokera ku BEC, kachipangizo kotsitsa magetsi a batire. Mawaya a I2C, olumikiza gyro ndi Arduino, akhale aafupi, kutali ndi mawaya a mamota.

Za I2C zimenezi ndimazinena mokalipa chifukwa cha mnyamata wina wa ku Chibavi, ku Mzuzu. Ankayesa droni yake patebulo m'nyumba, mapulopela ali pomwepo. Mawaya ake anali aatali, opiringizana ndi a mamota. Arduino inaima kudikira gyro imene sinkayankhanso, koma mamota anapitiriza kuzungulira pa liwiro lomwe anauzidwa komaliza. Anatsitsa throttle, ndodo ya liwiro pa limoti, osamva. Anazimitsa limoti, osamva. Droni itayamba kunyamuka anaigwira ndi dzanja, ndipo zala zake zinakasokedwa kuchipatala. Mwana wanzeru ndithu, pulogalamu yonse analemba yekha, koma munalibe watchdog, yomwe imayatsanso Arduino ikaima, ndipo panalibe amene anamuuza kuti poyesa m'nyumba mapulopela amachotsedwa. Chotsani! Failsafe, yoimitsa mamota limoti ikasiya kumveka, muiyesenso mapulopela asanabwerere pa mamota: zimitsani limoti, muone ngati onse anayi aima.

Ndiye pali akatswiri a m'makhonde aja, amene amaphwasula mabatire akale a laputopu, kuwakulunga ndi tepi n'kukuuzani kuti ndi LiPo, batire ya droni. Maselo otopawo sangathe kupereka mphamvu imene mamota amakoka ponyamuka. Magetsi amagwa, bolodi imazima ili m'mwamba. LiPo yeniyeni imadzadza pa 4.2V selo imodzi, kutanthauza 12.6V pa 3S ya maselo atatu, ndipo imafuna chaja cholinganiza maselo. Ikatupa musamvere woti aiboole kuti itulutse mpweya. Imayaka moto, osati wamasewera.

Poyesa koyamba, tulukani m'tauni. Bwalo la ndege la Mzuzu lili pakatikati penipeni, ndipo droni yosamvera limoti ilibe malo pafupi nalo. Kamvula kowaza ka mu June ndi July nako kamalowa pa bolodi yosaphimba, ndiye dikirani tsiku louma.