Mwalakwiridwa kuchipatala ku Lilongwe: mukadandaule kuti?

Kodi wodwala akamwalira kapena akalumala ndiye kuti achipatala alakwa?

Osati nthawi zonse. Matenda ena amafika ku Kamuzu Central atakula kale, ndipo opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo chake. Kulekerera n'kuti wachipatala sanachite zomwe mnzake wantchito yomweyo akanachita. Zitsanzo zake ndi izi: kupereka mankhwala a wodwala wina, kuiwala thonje m'mimba, kapena kusiya mayi woyembekezera akubuula pabenchi mpaka kunja kucha osamuyeza.

Ndiyambire pati?

Pa wodi pomwepo, kwa namwino wamkulu. Zikakanika funsani ofesi ya ombudsman wa chipatala, amene amalandira ndi kufufuza madandaulo a odwala. Dongosolo limeneli linayamba mu 2018 ndipo simulipira kalikonse. Chodandaulitsa n'choti ambiri mwa ma ombudsman amenewa ndi antchito a m'zipatala momwemo, ndiye ena amachita manyazi kudzudzula munthu amene amadya naye nsima masana. Pitanibe, koma dandaulo lanu lilembedwe, inu muone.

Akangondizengereza?

Za madokotala ndi ma clinical officer zimapita ku Medical Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Za anamwino ndi azamba, ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mabungwewa angathe kuimitsa munthu ntchito kapena kumufufuta m'kaundula. Palinso ofesi yaikulu ya Ombudsman, yomwe mu 2019, Martha Chizuma ali pampando, inatulutsa lipoti la amayi ochotsedwa chiberekero m'zipatala za boma.

Umboni ndiutenga kuti ine munthu wamba?

Apa m'pamene milandu yambiri imafera. Buku la kuchipatala lija, lopindikapindika m'chikwama, musalitaye ngakhale mwini wake atamwalira. Ena amaliika m'bokosi limodzi ndi maliro. Lijambuleni pafoni tsamba lililonse musanalipereke kwa aliyense. Agadiyani ndi amene amaona zambiri: diripi inatha nthawi yanji, anakaitana kangati, anabwera ndani. Alembe tsiku lomwelo, ngakhale kuseri kwa katoni ya mankhwala, chifukwa pakatha mwezi mutu umasokoneza Lachiwiri ndi Lachinayi. Ngati imfa ikukayikitsa, pemphani kuti thupi lipimidwe musananyamule. Zimawawa, achibale ena amakana, koma mukaika m'manda zimavuta kwambiri.

Nanga chipukutamisozi?

Chimenecho pitani nacho kukhoti, ndipo musagone: mlandu wa kuvulazidwa umayenera kulowa pasanathe zaka zitatu. Ngati chipatala ndi cha boma, loya amayamba walembera Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Amene alibe ndalama za loya akafunse ku Legal Aid Bureau.

Sadzandizunza ndikadzabweranso?

Mantha amenewa ndi omveka, makamaka kwa mayi amene sikelo yake ndi ya pa Bwaila pompo. Kukana kukuthandizani chifukwa munadandaula ndi mlandu wina pawokha, ndipo mukaunene ku ofesi zomwezi.